Kalata kwa a Nduna ya Achinyamata ndi Masewero: Mulanje ikupempha mamita 60

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mulanje, m'tsinde mwa phiri. Kwa zaka zambiri ndine amene ndimasunga wenzulo, mpira ndi kabuku kolembamo mayina a ana othamanga. Ndakulemberani poyera kuti makolo, aphunzitsi anzanga ndi a khonsolo awerenge nanu limodzi, poti nkhaniyi ikukhudza boma lathu lonse pamodzi ndi anansi athu a ku Thyolo ndi Phalombe.

M'mwezi wa Malichi 2025, ku Nanjing m'dziko la China, kunali mpikisano wa dziko lonse wa masewera othamanga a m'nyumba, aja amachitikira m'chiholo chofolera. Ndime yomaliza ya amuna ya mamita 60 ndinaionera pa foni, anyamata anga a Fomu 3 atandiunjirira mpaka kunditsekera mpweya. Mfuti italira, tisanaphethire n'komwe kawiri, zonse zinali zitatha. Jeremiah Azu wa ku Britain anapambana ndi masekondi 6.49, Lachlan Kennedy wa ku Australia anabwera wachiwiri ndi 6.50, ndipo Akani Simbine wa ku South Africa anatenga mendulo yachitatu ndi 6.54. Tinabwereza kanemayo kasanu, komabe panalibe diso limene linatha kusiyanitsa woyamba ndi wachiwiri. Ndinawauza anyamatawo za Simbine, kuti pa mamita 100 anathera pa nambala 4 ku Olimpiki ya ku Tokyo, n'kutheranso pa nambala 4 ku Paris, ndipo mendulo yake yoyamba ya payekha pa mpikisano wa dziko lonse waipeza ali ndi zaka 31. Anamvetsera ali chete. Kenako mmodzi anafunsa kuti, "Sala, nanga ifeyo timathamanga masekondi angati?"

Funso limenelo ndi limene landilembetsa kalatayi. Ndinalibe yankho loona loti ndimupatse, ndipo mpaka lero ndilibe.

Ndikufotokozereni mmene timayezera liwiro kuno. Tsiku la masewera timalawirira kukalemba mizere ndi phulusa pa bwalo la mpira, udzu ukadali ndi mame. Mtunda timayeza ndi chingwe, ndipo chingwe chimatamuka. Woyambitsa amaombanitsa matabwa awiri, aphunzitsi atatu aima kumapeto, aliyense ndi foni yake m'manja. Wina amadina akaona matabwa akumana, wina amadikira kuti amve kulira kwake, pamene phokoso limatenga pafupifupi masekondi 0.18 kuti liyende mamita 60. Mwana mmodzi, liwiro limodzi, nthawi zitatu zosiyana. Timatenga yapakati n'kulemba m'kabuku. Kunja kwa mpanda wa sukulu nambala imeneyo ilibe amene angaikhulupirire, ndipo sindingawadzudzule. Odziwa za masewerawa amawonjezera masekondi 0.24 pa nthawi yodinidwa ndi dzanja akafuna kuiyerekeza ndi ya makina, ndipo pa mitunda yaifupi bungwe la World Athletics sililandira nthawi ya dzanja kwa munthu wofuna kulowa mpikisano wa dziko lonse. Ku Belgrade mu 2022, Marcell Jacobs wa ku Italy ndi Christian Coleman wa ku America onse analembedwa 6.41, ndipo golide anapita kwa Jacobs chifukwa kamera inaonetsa kusiyana kwa masekondi 0.003. Masewera amene amagamulidwa ndi kachidutswa kotere, ife tikuwayeza ndi chala chachikulu.

Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi mnyamata wina amene sindidzamuiwala. Dzina lake ndisunga. Anali wamfupi, wa mapewa otakata, wa akatumba ngati wosenza matumba a chimanga. Mipikisano ya mtunda wautali inkamuzunza, ankafika kumapeto akupumira m'mwamba anzake atamwa kale madzi, moti aphunzitsi ena ankamuona ngati wopanda luso. Koma mukamuika pa mzere wa mamita 100, masitepe khumi oyambirira anali atawasiya kale onse. Chifukwa tinalibe mabuloko oyambira, zitsulo zimene wothamanga amatsamirapo mapazi ponyamuka, ankabwera ndi kakhasu kuchokera kwawo n'kukumba timaenje tiwiri, kamodzi ka phazi lakutsogolo, kena ka lakumbuyo. Ankayeza ndi chikhatho, n'kupondaponda dothi la kumbuyo kwa dzenje kuti lilimbe. Palibe anamuphunzitsa. Ndinadzamuuza pambuyo pake kuti Jesse Owens nayenso ankakumba maenje otere ku Berlin mu 1936, ndipo anaseka mpaka misozi. Tsiku lina kutagwa mvula usiku, dzenje lakumbuyo linagumuka iye akunyamuka, anagwa chafufumimba n'kubinya bondo. Linapola, koma chaka chimenecho chinamupita. Lero amapalasa kabaza pa msewu wopita ku Muloza. Tikakumana amatsika pa njinga n'kundipatsa moni mwaulemu, ndipo ine mtima umandiwawa, chifukwa sindidziwa ngati dziko lino linataya katswiri kapena ayi. Panalibe choyezera.

Ife a ku Mulanje timanyadira othamanga athu a mtunda wautali, ndipo m'pake. Chaka ndi chaka mpikisano wa Porters Race umanyamukira pa Likhubula, anthu n'kukwera cha ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, n'kutsikiranso pomwe anayambira, mtunda wopitirira makilomita 20 wa miyala, mizu ndi zitunda. Amene anaonapo amuna ndi amayi akutsika phirilo ngati mbawala amadziwa kuti kuno kuli miyendo. Koma mbiri yabwinoyi yatiphimbanso m'maso. Mwana wa kuno akati amathamanga, aliyense amamulozera kuphiri. Wa liwiro lalifupi amatumizidwa ku mpira kukasewera kuphiko, ndipo akalephera kusunga mpira kumapazi nkhani yake yathera pomwepo.

Ku Kenya ankaganizanso chimodzimodzi, kuti Mkenya ndi wa marathoni basi. Ferdinand Omanyala ankasewera rugby asanayambe kuthamanga. Mu 2021 ku Nairobi anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.77, liwiro limene linaposa la wina aliyense mu Africa, ndipo mu 2024 ku Glasgow anali wachinayi pa mamita 60 a m'nyumba, kumbuyo kwa Coleman, Noah Lyles ndi Ackeem Blake. Omanyala asanatchuke, Olusoji Fasuba wa ku Nigeria anali atatenga kale golide wa mamita 60 ku Valencia mu 2008. Chaka cha 2024 ku Paris, Letsile Tebogo anapatsa Botswana golide wake woyamba wa Olimpiki pa mamita 200, ndipo Muzala Samukonga wa ku Zambia, oyandikana nawo mpanda, anabwera ndi mendulo pa mamita 400. Kwathu konkuno Asimenye Simwaka waonetsa kumbali ya amayi kuti Mmalawi atha kuima pa mzere umodzi ndi akatswiri a kunja. Anyamata a liwiro lotere aliponso m'midzi ya kwa Mabuka, kwa Chikumbu ndi kwa Nkanda. Ndawaona ndi maso anga akuthamangira lole ya ku esiteti m'bandakucha.

Wina anena kuti mpikisano wa m'nyumba ndi wa mayiko ozizira, kumene chipale chimatseka mabwalo kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndiye ife zikutikhudza bwanji? Amene anganene zimenezi abwere ku Mulanje mu Febuluwale. Miyezi yomweyo imene anzathu amathawira m'nyumba, kuno mvula imagwa usana ndi usiku, ndipo boma lathu ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'dziko muno, n'chifukwa chake tiyi amakondako. Bwalo limasanduka dambo. Wothamanga mtunda wautali amalowa m'misewu ya m'minda ya tiyi n'kupitiriza zokonzekera zake, matope ali mbuu, palibe chomuletsa. Wa liwiro lalifupi sangatero, chifukwa kunyamuka ndi mphamvu zonse pa dothi loterera n'kuitana ngozi. Mvula ikatha, mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera ndi mawawa ake, udzu osauma mpaka masana. Mwana amene amayenera kuphunzira kunyamuka kangapo pa sabata amakhala miyezi inayi kapena isanu osagwada pa mzere. Chimene chipale chimachita kwa anzathu, kuno chimachitidwa ndi matope.

Sindikupempha chiholo ngati cha ku Nanjing. Holo yotere imakhala ndi njira yozungulira ya mamita 200 yopendekeka m'makona, mipando ya anthu zikwizikwi ndi magetsi osazima, ndipo ndikudziwa mmene thumba la boma lilili, makamaka kuno kumene milatho ndi makalasi ena sanabwererebe mwakale chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023. Koma mamita 60 sathamangidwa pa njira yozungulirayo. Amathamangidwa pa kanjira kowongoka ka pakati, ndipo kumapeto othamanga amakadziomba pa matiresi oimikidwa kukhoma. Kanjira kameneko ndi kamene ndikupempha: kowongoka, mamita 80 kuti pakhale poimira, mizere inayi ya mita 1.22 uliwonse, pansi pa simenti poyalidwa labala, pamwamba denga la malata pa mizati, m'mbali mosatseka. Mashedi aatali chotere amisiri athu amamanga kale m'misika ndi m'mafakitale a tiyi. Likhale pa boma, kufupi ndi bwalo la Mulanje Park kapena pena paliponse pamene khonsolo ingapereke malo, poti mwana wa ku Chitakale afike wapansi, wa ku Limbuli kapena ku Luchenza akwere minibasi imodzi. Pakadali pano njira ya labala yodalirika imene ana athu amaimva ili pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, makilomita oposa 350 kuchokera kuno, ndipo ambiri mwa iwo ngakhale ku Limbe sanafikeko.

Pamodzi ndi kanjirako pafunika mabuloko anayi ndi makina oyezera nthawi. Ngakhale atakhala aja otsika mtengo, a timaso tiwiri toima poyambira ndi pomalizira, tingayambire pomwepo pofufuza ana. Makina a kamera, amene nthawi yake imavomerezeka kunja, angamabwere ndi a bungwe la Athletics Malawi kawiri kapena katatu pa chaka. Akatero nambala ya mwana wa kwa Njema idzakhala yofanana kulemera ndi ya mwana wa ku Gaborone.

Za mabuloko ndikhalepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaziona ngati zokongoletsera. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo pa mamita 60 mawu amenewa ndi oona kwenikweni. Pa mamita 100 munthu wonyamuka mochedwa amatha kubweza kutsogolo. Pa 60 mpata umenewo palibe. Coleman, amene ali ndi mbiri ya dziko lonse ya masekondi 6.34 kuyambira mu 2018, si wamtali ayi, mphamvu yake ili pa kunyamuka. Malamulo nawonso ndi okhwima. Mabuloko a pa mipikisano ikuluikulu amamva kukankha kwa phazi, ndipo ukakankha pasanathe masekondi 0.100 mfuti italira, amati wabera. Chiyambire 2010 kubera kamodzi kokha n'kokwanira kukutulutsa. Tsono taganizirani mnyamata amene moyo wake wonse wanyamukira m'timaenje, pa kulira kwa matabwa, lero mwamuvalika nsapato za minga zobwereka, mwamugwaditsa pa chitsulo chimene sanachionepo, kutsogolo kwa makamera. Akagwa mphwayi kapena akatulutsidwa, tidzati ana a ku Malawi alibe liwiro, chonsecho sitinawaphunzitse chinthu choyambirira.

Aphunzitsi ifenso tifunika kuphunzitsidwa. Ambiri tinapatsidwa wenzulo chifukwa tinkaoneka okonda masewera, basi. Zimene ndikudziwa za kaimidwe ka pa buloko, za kusadzutsa mutu msanga ndi za kupumitsa mwana mokwanira asanabwerezenso, ndazitola pa intaneti ndi bandulo yanga. Unduna wanu, mogwirizana ndi Malawi National Council of Sports ndi bungwe la masewera a m'sukulu la MASSA, ungathe kutisonkhanitsa sabata imodzi pa holide, aphunzitsi awiri pa zoni iliyonse, n'kutibweretsera mphunzitsi wodziwa za liwiro lalifupi. Tidzagona m'makalasi, zimenezo tinazolowera.

Pali chimodzi chimene chingayambike chaka chino, simenti isanagulidwe. Tsiku la Porters Race, othamanga akangolowa m'nkhalango, khamu la anthu limatsala pa Likhubula likudikira kwa maola awiri kapena kuposerapo kuti woyamba atulukire. Mavenda, ana asukulu, alendo, atolankhani, onse ali pomwepo. Ngati okonza mpikisanowo angalole, ndipo ofesi yanu itabwereka makina ndi mabuloko kwa tsiku limodzi, tingasalaze malo apafupi n'kuthamangitsa anyamata ndi atsikana a m'sukulu mamita 60 pa nthawi yodikirayo. Mwana aliyense apite kwawo ndi kapepala kolembedwa dzina lake ndi nthawi yake yeniyeni. Asanu ndi atatu othamanga koposa muwatengere ku Lilongwe akaponde labala.

Mukavomera, ana ndibwera nawo ndine. Ndidzapitanso pa siteji ya kabaza kukamuitana mnyamata wanga uja. Zaka zake zothamanga zapita, koma ali ndi mng'ono wake ku pulayimale, wa mapewa ngati ake, amene ndamuona akukumba timaenje tiwiri kuseri kwa kalasi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa zamasewera,
Mulanje