Kalata kwa mwana wanga amene ali ku Maputo

Mwana wanga wokondedwa,

Malume ako afika bwino, ndipo atisonyeza pa foni zithunzi zimene ukujambula masiku ano. Dzanja lako lakhwima, sindingakane, koma ndinazipenyetsetsa chimodzichimodzi ndipo zonse ndi Zambezi mmodzimodzi: dzuwa likulowa, bwato lili ndi munthu wopanda nkhope, mlambe kumbali, mutu wa mvuu pakati. Malume akuti mnzako uja ndiye amakuuza choti ujambule chifukwa ndi zimene alendo a m'mahotela amagula, ndipo akuti ndalama mumagawana madzulo kumalo omwera mowa. Mayi ako atamva za mowazo anasiya nsima m'mbale.

Ndalama sindikudana nazo, pakuti utoto ndi nsalu sizichokera kumwamba, ndipo nyumba ya mumzinda imalipiridwa. Chimene chikundiopsa n'chakuti ndalamayo yayamba kukusankhira mtsinje. Pa chithunzi china waikapo chinjoka cha Nyaminyami. Chimenecho ndi cha Atonga a ku Kariba, ndipo iwo ali ndi chifukwa chochilemekezera. Iwe unachimva kwa agogo ako ati? Wachiika chifukwa mnzakoyo wati chimayenda malonda.

Zambezi wa alendo anajambulidwa kale ndi ena. Thomas Baines anafika ku Tete mu 1858 pa ulendo wa Livingstone, anajambula mtsinje ndi matanthwe a Kebrabasa mwaluso ndithu, koma ankajambulira anthu a ku London amene ankafuna kudziwa ngati sitima zawo zingadutse. Iyeyo ndimamumvetsa, anali mlendo. Iwe mchombo wako unagwera ku Marávia kuno.

Agogo ako aakazi ankalima dimba m'mbali mwa mtsinje, ndipo chaka chilichonse madzi akasefukira n'kubwerera ankasiya matope akuda m'mene iwo ankabzalamo chimanga ndi maungu pamene kumtunda kwauma. Damu la Cahora Bassa litatsekedwa mu 1974, dimbalo linamira pamodzi ndi manda a makolo awo, anthu atasamutsidwa kale mokakamiza kupita kumidzi yozingidwa ndi asilikali a Chipwitikizi. Mpaka imfa yawo, akafika panyanjapo ankaloza pamadzi n'kunena kuti mtondo wawo unatsala apo. Lero pamalo omwewo pamayandama maboti a kapenta ndi nyali zawo usiku, ndipo magetsi a damulo amapita mpaka ku South Africa. Zonsezi ndi Zambezi, mwana wanga, koma m'zithunzi zako sindikuonamo ngakhale chimodzi.

Ndakumbukira tsiku lija tinawoloka pa mlatho wa Samora Machel uli wamng'ono, kukutentha monga mwa masiku onse ku Tete. Titafika kwa azakhali ako unatenga khala n'kujambula pakhoma amayi akuchapa pamiyala, wina atapinda chitenje m'mawondo, mwana akuyang'anira ng'ona. Azakhali anakukalipira, koma khomalo sanalizire mpaka dzinja. Chithunzi cha khala chija chinali ndi anthu oti ndingawapatse moni.

Unkandiuza wekha za Malangatana, wojambula wotchuka wa kuno ku Mozambique, kuti nsalu zake zimadzaza nkhope ndi maso a anthu mpaka kusowa poponda, ndi kuti anamangidwa ndi Apwitikizi osasiya kujambula zimene anthu ake ankamva. Nanga unapita ku Maputo kukaphunzira kwa otere, kapena kukachulukitsa dzuwa lolowa? Sindikunena kuti ujambule misozi yokhayokha. Jambula madzi ofiirira a m'dzinja pamene mtsinje wa Revúbuè ukutsika ndi dothi la ku Angónia, jambula fumbi la malasha a ku Moatize, jambula asodzi akukangana pa mtengo wa nsomba, ngakhale dzuwa lolowalo ulijambule ngati waliona ndi maso ako tsiku limenelo.

Za mnzako uja ndibwerezanso. Munthu amene amasunga ndalama zako, n'kumakuwerengera uli ndi botolo m'manja, sakukufunira zabwino, ndipo tsiku limene alendo adzatope ndi mvuu zako adzapeza mnyamata wina. Uzidziwa wekha mtengo wa chithunzi chilichonse, uzilemba m'kabuku, ndipo ndalama uzilandira masana. Mowa unatha anthu aluso ambiri kuno kwathu, osema zinyawu ndi oimba ng'oma omwe, ndipo ena a iwo unkawadziwa.

Mvula ikatha ubwere. Malume ako avomera kukutenga pa bwato lawo kukafika pamene agogo ankaloza, ndipo akulu awiri amene anasamuka nawo akadali moyo, ungathe kukhala nawo pansi. Ubwere ndi makala ndi mapepala, mnzakoyo umusiye komweko. Mayi ako akuti uyankhe kalatayi ndi dzanja lako, osati pa foni.

Ndine bambo ako,
ku Fingoè