Dandaulo pa makina ozimitsira moto m'chipinda cha maseva

Kwa Mkulu wa Zaumisiri,

Bwana,

Talemba kalatayi podandaula ndi makina ozimitsira moto a gasi wa HFC-227ea amene kampani yanu inaika m'chipinda chathu cha maseva. Munasaina kuti ntchito yatha, koma mmene alili panopa makinawa sangateteze chipindachi.

Vuto lalikulu n'lakuti chipinda sichikusunga gasi. Malinga ndi NFPA 2001, muyezo wa makina ozimitsira moto a gasi, gasi wamtunduwu ayenera kutuluka m'masekondi 10 basi, kenako akhale m'chipindamo mphindi 10 asanachepe mphamvu. Door fan test, yoyesa ngati chipinda chikusunga gasi, yasonyeza kuti sakufika n'komwe mphindi 4. Chifukwa chake chili poyera: mabowo odutsa mawaya pansi pa raised floor (pansi pokwezedwa pamene mawaya amadutsa kunsi kwake) simunawatseke ndi zomatira zosagwira moto, ndipo kunsi kwa chitseko kuli mpata woti chala n'kulowa. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndiye amathawira m'mabowo akunsi omwewo. Akathawa waya usanazizire, moto umabukanso masilinda ali mbee.

Kunsi kwa raised floor komweko kulibe nozulo yotulutsira gasi ngakhale imodzi, chonsecho n'kumene kwadzaza mawaya amagetsi.

Panelo yoyendetsa makinawa nayonso simunaikonze bwino. Gasi ayenera kutuluka pokhapokha madetekita a m'magawo awiri osiyana amva utsi, belu n'kulira kaye masekondi 30 kuti anthu atuluke. Inu mwalumikiza onse m'gawo limodzi, moti detekita imodzi itanamizidwa ndi fumbi, gasi yense angathere pachabe. Poyesa, madampa (zotsekera) a mapaipi olowetsa mpweya wakunja sanatsekeke. Polowera ndi potulukira mpweya pochepetsa kukanikiza kwa gasi pamakoma sitinapaone, ngakhale kuti pali pa mapulani amene munatipatsa.

Silinda imodzi mwa zitatu zimene munaika yapepuka kupitirira 5 peresenti ya gasi wolembedwa pa chikwangwani chake. Ikafika pamenepo imayenera kudzazidwanso kapena kusinthidwa. Tikuganiza kuti ikudontha pa valavu.

Tikupempha kuti pasanathe masiku 14 mutseke mabowo onse, muike manozulo akunsi mutawerengeranso kayendedwe ka gasi m'mapaipi, mukonze panelo ndi madampa, muike potulukira mpweya paja, ndiponso musinthe silindayo mwa ndalama zanu. Mukatero door fan test ichitikenso ife tilipo, zotsatira zake mutipatse zolembedwa. Ndalama zotsala tilipira chipinda chikakwanitsa mphindi 10.

Ife,
Oyang'anira chipinda cha maseva