Kalata yotseguka kwa Mkulu wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite: ana athu aphunzitsidwe kulemba za pantchito

Wolemekezeka Mkulu,

Ine ndimagwira ntchito za madzi akumidzi. Timakumba ndi kukonza mijigo, ndipo chaka chilichonse timalandira ophunzira a m'mayunivesite amene amabwera kudzaphunzira ntchito, awa timati a atachimenti. Ana amenewa ndimawakonda. Ambiri ndi akhama, masamu amawadziwa, dzuwa likaswa mtengo sadandaula. Koma ukawapatsa pepala kuti alembe zimene aona, mphamvu zonse zija zimathera pomwepo. Nkhani imeneyi ndakhala ndikuidandaula kwa anzanga pantchito, ndipo tsopano ndaona kuti ndi bwino ifike kwa inu.

Chaka chatha tinapita kumudzi wina kumene mjigo unasiya kutulutsa madzi. Tinali ndi mtsikana wa chaka chachitatu. Titazula ndodo za mjigowo, iye ndiye anayamba kuona vuto: rabala ya pansi inali itatha, ndodo ziwiri zitapindika. Ndinanyadira. Madzulo ndinamupempha kuti alembe lipoti lopita kwa amene amatipatsa ndalama. Patapita masiku atatu anandibweretsera masamba 9. Tsamba loyamba linkafotokoza kuti madzi ndi moyo. Lachiwiri linali mbiri ya mijigo mu Africa. Rabala ija ndinakaipeza pa tsamba la 7, ndipo mtengo wa zipangizo sunalembedwe paliponse. Munthu amene amasaina cheke amafuna kudziwa chimene chaonongeka, ndalama zofunika, ndi tsiku limene amayi a m'mudzimo adzasiye kukatunga kudambo. Akaona masamba awiri oyamba opanda zimenezi, amaika lipotilo pambali, ndipo mudzi umapitiriza kumwa madzi a pachitsime chosatetezedwa.

Kenaka ndinamupempha chinthu chimene ndinkayesa chopepuka. Ndinati alembe tsamba limodzi m'Chichewa, la komiti ya mjigo, lofotokoza mmene angasinthire rabala okha. Paja mjigo wa Afridev unapangidwa mwadala kuti eni mudzi azitha kuukonza popanda kudikira injiniya wa kutauni. Mwanayo anakhala nthawi yaitali atagwira cholembera. Chichewa amalankhula tsiku lonse, ndi chinenero cha amayi ake. Koma anandiuza moona mtima kuti chiyambireni sukulu palibe anamupemphapo kulemba malangizo a ntchito m'chinenero chimenechi. Anayamba kulemba m'Chingerezi, n'kumatembenuza liwu ndi liwu, ndipo zimene zinatuluka ngakhale ine sindinazimve.

Mwanayu sindikumuimba mlandu. Iye anachita zimene anaphunzitsidwa. Ku sekondale, pokonzekera mayeso a MSCE, mwana amazolowera chimangirizo: chiyambi chokoma, mawu ataliatali, mathero. Akafika ku yunivesite amapeza phunziro la Language and Communication Skills m'chaka choyamba, kumene amaphunzira kulemba nkhani za m'kalasi ndi kutchula mabuku amene wawerenga. Zimenezi n'zofunika ndithu. Koma ambiri amene amabwera kwa ife amandiuza kuti phunzirolo likatha, nkhani ya kalembedwe yathanso. M'chaka choyamba mwana sanadziwe n'komwe ntchito imene adzagwire, ndiye angaphunzire bwanji kulemba lipoti la ntchitoyo? Pofika chaka chachinayi, pamene ali ndi zenizeni zoti alembe, palibenso womuongolera. Mphunzitsi wa uinjiniya amachonga manambala, akuti za chinenero ndi za anzake a dipatimenti ina. Aphunzitsi a chinenero nawonso ndimawamvera chisoni. Munthu mmodzi kukhala ndi holo yodzaza, angawerenge bwanji pepala lililonse, n'kulibweza, n'kuliwerenganso? Chonsecho kulemba kumaphunziridwa pobwereza, monga mmene mwana wa kalipentala amaphunzirira kupala thabwa bambo ake akumubwezera kuti apalenso.

Chingerezi sindikulimbana nacho. Lamulo la maphunziro la 2013 linachiika kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo mapepala a tenda, makalata a ku MRA ndi malipoti opita kwa othandiza amafuna Chingerezi chomveka bwino. Koma taganizirani anthu amene womaliza maphunziro amakawatumikira. Mlangizi wochokera ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR amakafotokozera mlimi muyezo wa mankhwala othira mbozi m'chimanga, ndipo akalakwitsa mawu, mlimi amaotcha mbewu kapena kudzipweteka yekha. Namwino wochokera ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amalembera agogo mmene amwere mankhwala. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 tinkagawa kolorini m'midzi, ndipo ndinaona ndekha mmene kapepala kolembedwa mosokoneza kamachititsira mayi kuthira wambiri mpaka banja lonse kukana madziwo chifukwa cha fungo. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, moyo wa anthu m'maboma a kumwera unadalira ngati chenjezo lamveka m'mawu amene munthu wa pansi pa phiri angawamve msanga. Kulemba kotereku ndi luso, ndipo kumafuna kuphunzitsidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena, kulikonse kumene ana athu akagwire ntchito. Sitikuyambira pachabe ayi. Ku Zomba kuli likulu lofufuza za zinenero la Centre for Language Studies kuyambira 1996, ndipo akatswiri ake anatipatsa mtanthauziramawu wa Chinyanja. Bwanji ophunzira za uinjiniya, za ulimi ndi za umoyo sakumana nawo anthu amenewa?

Za malonda nazonso n'chimodzimodzi. Timawauza achinyamata kuti asadikire kulembedwa ntchito, ayambe mabizinesi awo, ndipo masomphenya a Malawi 2063 akudalira iwowa. Koma ndaona achinyamata odziwa ntchito akulephera tenda chifukwa sanayankhe zimene pepala linafunsa. Ndalandirapo kotesheni yopanda tsiku, yosanena ngati msonkho uli momwemo, yosanena kuti mtengowo ukhala mpaka liti, m'dziko limene mitengo imasintha mwezi usanathe. Ndaonapo maminitsi a msonkhano olemba zonse zimene aliyense analankhula, koma osanena kuti tinagwirizana chiyani ndiponso ndani achite. Mkangano ukabuka pakati pa kontirakitala ndi mwini ntchito, chimene chimapulumutsa munthu ndi pepala lolembedwa bwino.

Masiku ano ena amangofunsa ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imalembera munthu zimene wapempha. Chingerezi chimatuluka chosalala, koma makinawo sanafike kumudzi kuja, sanaone ndodo zopindika. Mwana amene sanaphunzire kusankha chofunika kunena sangadziwe kuti zimene wapatsidwazo n'zopanda kanthu. Chifukwa chake kufunika kophunzitsa kulemba kwakula kuposa kale.

Ndalembera inu, a Mkulu, chifukwa bungwe lanu, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limavomereza maphunziro a m'mayunivesite a boma ndi omwe si a boma. Chigawikireni University of Malawi mu 2021, pamene yunivesite ya zamalonda ndi sayansi ya MUBAS ndi ya KUHeS zinaima pazokha, sukulu iliyonse ikukonza maphunziro ake, ndipo za anthu wamba nazo zachuluka. Amene angaike muyezo umodzi kwa onsewa ndi inu. Akatswiri anu akamapita kukayendera sukulu amaona laibulale, amaona malabu, amawerenga madigiri a aphunzitsi. Ndikupempha kuti azipemphanso kuona zolemba za ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi, zokhala ndi ndemanga za mphunzitsi, ndiponso zimene mwanayo analembanso atadzudzulidwa. Ngati sukulu ilibe zoterezi, ifunsidwe chifukwa chake musanavomereze maphunzirowo.

Ndikupemphanso kuti kulemba kulowe m'phunziro la ntchito lenilenilo, chaka ndi chaka, mphunzitsi wa chinenero ndi wa uinjiniya kapena wa zamalonda akuchongera limodzi pepala limodzi. Mwana alembe lipoti la tsamba limodzi, kalata yodandaula kwa wogulitsa zipangizo, kotesheni, pempho la ngongole. Ndipo asanalandire digiri, alembe ngakhale kamodzi kokha malangizo a ntchito yake m'chinenero cha anthu a kudera, akawawerengetse kwa munthu wa m'mudzi, aone ngati munthuyo atha kuchita zimene zalembedwazo. Ndikudziwa kuti izi zifuna aphunzitsi ambiri ndi makalasi ang'onoang'ono, ndipo ndalama ndi zovuta. Koma ife olandira ophunzira tilipo. Tipatseni fomu ya atachimenti imene ili ndi malo oti tinene za kalembedwe ka mwana, chifukwa mafomu amene ndalandirapo ine amafunsa za kusunga nthawi ndi khalidwe basi. Tiitaneni m'makalasi tibwere ndi malipoti enieni, abwino ndi oipa, titafufuta mayina.

Mtsikana uja tinakhala naye masana awiri pansi pa mtengo wa mango, tikulemba ndi kufufuta. Tsamba limene analemba kachinayi tinalipereka kwa mayi amene ndi msungichuma wa komiti. Anawerenga mokweza, anafunsa funso limodzi lokhudza sipanala, mwanayo anakonza mzere umenewo. Pepalalo analikulunga m'pulasitiki ndipo likusungidwa pamodzi ndi kope la zopereka. Masana awiri amenewo anayenera kuwapeza kusukulu kwake, ndipo ana ambiri amene akumaliza chaka chino sadzawapeza kulikonse pokhapokha bungwe lanu litalamula.

Ndine wanu mwaulemu,
Wogwira ntchito za madzi akumidzi, chigawo cha kumwera