Kalata ya abusa: za mtedza wothira madzi

Okondedwa akhristu anzanga, akulu ampingo, atumiki, amayi a Chigwirizano ndi achinyamata a mmiraga yathu yonse, moni mdzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ndati ndilembe kalata chifukwa nkhaniyi ndikanenera pa gome ena muziti abusa amalalikira ineyo, nde bola aliyense awerenge yekha kunyumba, ndipo amene muli ndi foni muwawerengereko agogo ndi ena omwe alibe.

Masiku ano tikangoweruka mapemphero panja pa tchalitchi pakumasanduka nyumba ya malamulo. Ena akuti chimanga cha GMO, chija asayansi anachisintha chibadwa, chikabwera chitimaliza tonse, ena akuti ayi chimenecho nde chitukuko ntchemberezandonda zisiya kutizunza, ena akokera ku lamulo la mbewu lija aphungu anavomereza mu 2022 eti cholinga chake nchoti tisiye chamakolo tizigula ya musitolo chaka ndi chaka, ena ali pa fetereza kuti makuponi a malemu Bingu aja anayamba mu 2005 anali bwino kuposa ndondomeko ya fetereza wotsika mtengo ya AIP inabwera mu 2020, kenako mwayamba kutchulana zipani mpaka ndamva kuti abambo awiri okhala benchi limodzi asiya kupatsana moni. Zamanyazi izi.

Sindikuti nkhanizi nzachabe ayi. Akuluakulu mukukumbuka njala ya 2002 mmene kunabwerera chimanga cha thandizo cha GMO chochokera ku America, anzathu aku Zambia kuseri kwa Mwami kuno pulezidenti wawo a Mwanawasa anachikaniratu, ife boma lathu linati chilowe koma chigayidwe kaye kuti munthu asadzale. Ndekuti mkanganowu ngwakale ndipo olo maboma anasiyana maganizo, nde siutha lero pansi pa mtengo wa mango wa pa tchalitchi. Ine kumunda kwanga ndimadzala zonse, haibulidi poti chimacha msanga ndipo chimabereka, chamakolo poti chimakonoleka bwino mumtondo ndipo anankafumbwe sachithamangira. Wofuna ichi adzale, wofuna icho adzale. "Wakudyayo asapeputse wosadyayo, ndipo wosadyayo asaweruze wakudyayo, pakuti Mulungu wamlandira" (Aroma 14:3). Amene muli ndi mfundo pa malamulowa, phungu munasankha nokha, kamuuzeni iyeyo.

Koma chandilembetsa kalata ndi china. Atumiki atatsegula chipinda chosungiramo zamasika anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Matumba a mtedza wosenda, kupisa dzanja mkati mukuchita kutentha, fungo la chinyontho, mtedza wagwirana mibulu, chuku chachita kubiriwira. Mtedza umenewutu tinapangana kuti wina tigulitse, wina amayi asinje nsinjiro zothira mphala la ana athu a mkombaphala. Denga silikudontha, ndipo nyengo yozizira ino mvula ichokera kuti? Mtedzawo unabwera kale ndi madzi ake. Ndekuti munthu anauwaza madzi kwawo, nkuuthira mthumba, nkuusenza pamutu, nkubwera nawo kutsogolo akuimba nyimbo ya masika ndi mawu okweza.

"Muyeso wonyenga unyansa Yehova, koma mulingo wamphumphu umsekeretsa" (Miyambo 11:1).

Ndikudziwa zomwe muyankhe chifukwa nanenso ndine mwana wa mlimi. Muti timawaza kuti makoko afewe, mtedza wa mtundu wa CG7 wouma amapweteka zala posenda ndipo amasweka. Chabwino, koma nanga amene mumawaza wosendasenda usiku woti mawa kukubwera venda, pamenepo mukufewetsa chani? Mukufuna ulemere pa sikelo basi, mukugulitsa madzi a pachitsime pa mtengo wa mtedza. Nde ena mumati nanga si mavenda nawonso amatibera, masikelo awo ngokhotetsa, tikungobweza. Zoti mavenda ena amaba nzoona ndipo ine sindiwaikira kumbuyo. Unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, a bungwe loona za miyezo la MBS ndi amene ali ndi udindo woyeza masikelo, nde wakuba kamunenereni kwa amfumu kapena kupolisi, mukafuna mboni ine ndilipo. Koma madzi mwathirawo sakulanga venda. Venda amagula mmawa, madzulo wakweza pa lole, wadya phindu lake wagona. Amene mukumulanga ndi mayi wina pa Kamwendo kapena ku Lilongwe amene wagula kambale ka nsinjiro kuti atendere nkhwani ana ake adye. Panja paja mumakuwa kuti boma lisamatisankhire zakudya, munthu azisankha yekha chomwe akufuna kudya. Nanga mayi ameneyu wasankha chani? Mwamusankhira ndinu, mumdima, ndi kapu ya madzi.

Mwina ena simudziwa kuopsa kwake nde ndinene. Mtedza kapena chimanga chikakhala ndi chinyontho pamalo ofunda chimamera chuku, ndipo chuku chinacho chimatulutsa poizoni amene achipatala ndi alangizi amamutcha aflatoxin. Poizoni ameneyu kukazinga samatha, kuphika samatha, kusinja samatha, ndipo nthawi zina mtedza umaoneka bwinobwino ali momwemo. Amapita kukaononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, makamaka kwa amene ali kale ndi hepatitis B, ndipo akatswiri amamutchulanso pa nkhani ya kupinimbira kwa ana. Akachuluka amapha msanga. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Ku Zambia komweku mu 2024 boma lawo linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa ndipo poyeza ufa wa mzigayo zina anamupezamo. Chimanga chimenecho sichinachokere ku America, ndi chomwechi timalima tonsefe. Nde abale anga kulimbana usana wonse ndi chimanga cha GMO chimene simunachidzalepo nkomwe, uku mukupanga poizoni ndi manja anu kuseri kwa nkhokwe, "akukuntha udzudzu, koma mumeza ngamila" (Mateyu 23:24).

Chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Mtedza wa kuno ku Mchinji unafikako mpaka mmasitolo aku UK kudzera mmagulu a alimi a pansi pa NASFAM, ndipo kuti ulowe kumeneko amayamba auyeza, malamulo a azungu pa aflatoxin ngokhwima zedi, ukapyola mlingo amaubweza. Ena mumati nkhanza, akungofuna kutitsekera msika. Kaya, mwina ndale zilimo, koma iwo akuteteza ana awo. Nanga athu akuwateteza ndani? Onani zomwe timachita pakhomo. Timayala mphasa nkusankha, wonenepa wosalala uwo wa venda, nde wonyala, wakuda, wobooka ndi tizilombo, wowawa uja ukautafuna umalavula, umenewo timati usatayike ukhala wa nsinjiro za pakhomo. Umenewo nde umalowa mphala la mwana woti sanathe nkuyankhula komwe, sangakuuzeni kuti amayi phalali likuwawa. Kenako kusikelo akati mwanayu sakukwera timayamba kuyang'ana agogo ena ake mmudzi kuti akutilodza. Palibe lamulo la boma lililonse, kaya chipani chanu kaya cha mnzanu uja, lomwe lingalowe mkhitchini mwanu kudzakugwirani dzanja. "Kapena munthu ndani wa inu, amene pompempha mwana wake mkate, adzampatsa mwala?" (Mateyu 7:9). Azibambo musati nkhani ya amayi iyi, wabwino uja amene amaumiriza kuti agulitse yense osasiyako olo ndowa imodzi ndinu, ndipo ndalama zake ena tikudziwa kumene zimathera.

Munthu akaledzera kapena akagwa mchigololo timamuitana pamaso pa akulu ndipo palibe amadabwa. Uyu wothira madzi tizingomuyang'ana poti amavala bwino Lamulungu? Ayi. Takhala pansi ndi akulu ampingo ndipo tagwirizana kuti kuyambira pano mtedza wa masika uzibwera wamakoko basi, wosenda sitilandiranso, ndipo atumiki aziyamba augwedeza kumva ngati ukulira kuti wauma. Mkhristu amene apezeke akuthira madzi mtedza, soya kapena chimanga chogulitsa, mkulu wa mlaga wake akamuyendera kaye mwachikondi, akabwereza nkhani yake ibwera kubwalo la mpingo ndipo za Mgonero tikakambirana kumeneko. Sindikufunsa kuti matumba aja anabweretsa ndani ngakhale ena analembedwa maina, khomo langa ndi lotsegula, bwerani madzulo palibe amene amve.

Mtedza woonongekawo pasapezeke wopempha kuti akapatse nkhumba, nkhuku kapena ng'ombe, ziweto nazonso umazidwalitsa ndipo ng'ombe ikadya poizoniyo amatulukira mumkaka. Achinyamata mubwere ndi makasu Lachisanu masana mudzakumbe dzenje lakuya kuseri kwa chimbudzi cha abambo tikwirire.

Loweruka likubwerali 9 koloko mmawa tapempha alangizi a zaulimi adzatiphunzitse kasankhidwe ndi kasungidwe, kuti matumba azikhala pa thandala osati pansi kapena kutsamira khoma, komanso kaumitsidwe kaja amati Mandela cock kuti chaka chamawa tisadzaunjikenso mtedza pa dothi. Mlaga uliwonse utumize anthu, abambo ndi amayi, osati amayi okhaokha ngati mwa nthawi zonse. Komanso tikufuna tigule malona oyanikira oti tizibwerekana ndi sikelo yathuyathu ya mpingo yoyezedwa bwino, kuti munthu aziyamba wayeza katundu wake pano asanapite kwa venda. Banja lililonse K2,000, mupereke kwa msungichuma wa mlaga wanu ndipo mulandire lisiti, zotsala tidzakwaniritsa pa Pepa Sande ya kumapeto kwa mwezi. Phala la ana a mkombaphala lisaime, amene muli ndi mtedza wouma wamakoko mubweretseko mbale imodzi Lamulungu, amayi a Chigwirizano adzasenda okha. A mlaga wa kumtunda ngongole yanu ya malata ija sitinaiwale.

Ndine mbusa wanu mwa Ambuye.