Dandaulo pa mowa wakuda womwe unafika utasasa

Senga Bay,
Salima.

Bwana Manijala,

Ndikulemba kalatayi mtima ukundiwawa chifukwa cha mabotolo 6 a mowa wakuda wosungidwa m'migolo ya vinyo, omwe ndinagula kusitolo yanu ku Lilongwe.

Mowawu ndinaulawa ndisanalipire. Mnyamata wanu anandithirira pang'ono m'tambula, uli wozizira bwino. Unali wakuda bii, thovu lake lofiirira, ukununkhira khofi ndi chokoleti monga umachitira mowa wa chimera cha balere chokazinga. Pomeza mpamene pankamveka kavinyo wofiira, kowawasa pang'ono chabe, komwe mgolo wa mtengo wa oak umasiya mowa ukagonamo miyezi ingapo. Ndinaukonda, ndipo ndinalipira osanyinyirika pamodzi ndi ya mayendedwe, poti ndinkafuna kulandirira malume anga ochokera ku Nkhotakota, munthu amene anandilipirira sukulu.

Munalonjeza kuti katunduyo abwera mu kulaboksi ya ayezi. Anabwera m'katoni wamba, kumbuyo kwa pikapu yopanda tenti. Dalaivala wanu anandiimbira cha m'ma 10 koloko m'mawa kuti wafika pa Kamuzu Road, koma kwathu anatulukira dzuwa litapendeka, akuti amayamba watula katundu wina. Bwana, kutentha kwa Salima mu Okutobala mukukudziwa. Katoniyo ndinainyamula ikuotcha m'manja.

Mabotolo 2 anali atadontha, zotsekera zake zitakankhika. Enawo ndinawaika mufiriji usiku wonse. Mawa lake titatsekula, thovu panalibe, fungo la khofi lija litatheratu, m'kamwa mukungomveka ngati viniga wosakaniza ndi katoni yonyowa. Malume anangopsontha kamodzi n'kuika tambula pansi mwaulemu, osanena kanthu. Manyazi amene ndinachita ndikusowa nawo pogwira.

Chandipweteka koposa ndi yankho la mayi amene analandira foni yanga. Iwo anati mowa wa m'migolo umakhala wowawasa choncho, kungoti ine sindinauzolowere. Ayi ndithu. Kuwawasa kwa vinyo ndi kusasa kwa mowa wotenthedwa ndi dzuwa n'zosiyana, ndipo wabwinowo ndinaulawira m'sitolo yanu momwemo.

Ndikupempha kuti munditumizire mabotolo ena 6 mu kulaboksi monga tinapanganirana, apo ayi mundibwezere ndalama zanga zonse, ya mayendedwe yomwe. Risiti ndasunga, ndipo botolo limodzi sindinalitsekule kuti mudzalawe nokha.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Senga Bay