Tisanaombe mfuti m'nyanja, tiunikenso kaye zomwe zidajambulidwa kale

Akonzi,

Kuno ku Mufakose mu Harare, akwathu tikakumana nkhani ya gasi wa ku Muzarabani, kumpoto kwa Zimbabwe, siichedwa kutuluka. Mu Disembala 2023 kampani ya Invictus Energy ya ku Australia idalengeza kuti yapeza gasi pachitsime cha Mukuyu-2. Koma poyambira pake padali zithunzi za miyala ya pansi pa nthaka zomwe a kampani ya mafuta ya Mobil adajambula m'chigwa cha Zambezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 n'kuzisiya. A Invictus adazitola n'kuziunikanso ndi makompyuta amakono.

Pa ntchito yojambula ngati imeneyi, mwana wa mchemwali wanga adagwirako ganyu yozika ma geophone, tizipangizo tomvera kunjenjemera kwa nthaka. Akuti chigalimoto cholemera chimatsitsa chitsulo pansi n'kuyamba kugwedeza dothi, poyamba modekha kenako mofulumira, mpaka munthu kumva m'mano. Mafunde a kunjenjemerako amatsika, kugunda miyala n'kubwerera, ndipo akatswiri amawasefa malinga ndi liwiro la kunjenjemera kwake. Onjenjemera mofulumira amaonetsa bwino miyala yopyapyala koma safika patali. Odekha amalowa makilomita angapo. Mwala womwe m'timibowo take muli gasi umameza ofulumirawo, pansi pake n'kutsala odekha okhaokha, ngati ng'oma yakutali imene umangomva kugunda kwake. Ichi n'chizindikiro chabe, chitsimikizo chimabwera akabowola.

Mtima wanga uli kwathu. M'zaka za m'ma 1980 asayansi a ku Duke University ya ku America adajambula pansi pa nyanja ya Malawi, ndipo mu 2011 boma lidapereka ziphaso zofufuzira mafuta m'nyanjayi kwa kampani ya Surestream Petroleum. M'madzi salowetsa galimoto. Amagwiritsa ntchito mfuti zampweya zokokedwa ndi sitima, zoomba pakangopita masekondi angapo, usana ndi usiku. Nsomba zimamva phokosoli, ndipo msodzi wa ku Nkhata Bay kapena ku Karonga amene amadalira usipa ndiye angayambe kulira.

Ndikupempha unduna woona za migodi kuti usonkhanitse zonse zomwe zidajambulidwa kale, zisungidwe ku dipatimenti ya Geological Survey ku Zomba, ndipo ana athu ophunzira za miyala aphunzitsidwe kuziunika okha. Kampani iliyonse yopempha chiphaso izisiyira boma zonse zomwe yajambula, ndipo asodzi afunsidwe sitima isanalowe m'madzi.

Mmalawi wa ku Mufakose,
Harare