Kwa amene munandigulitsa nsato ya spider osandiuza za vuto la mutu

Achimwene, mauthenga anga a pa WhatsApp mukungowerenga osayankha. N'chifukwa chake ndalemba pano, pomwe mumatsatsira nsato zanu za ball python kwa Amalawi anzathu a ku Johannesburg, kuti ofuna kugula amve nawo.

Kansato kamene munandigulitsa n'kamtundu wa ball python wotchedwa spider. Inuyo ndinu woweta, mukudziwa bwino lomwe kuti mtundu umenewu umabadwa ndi vuto la kunjenjemera kwa mutu limene oweta amati wobble. Simunanditchulire ngakhale pang'ono. Munangoyamikira timizere take ndi khungu lake lowala, n'kulandira ndalama.

Bwerani mudzaone nthawi yodyetsa. Kakanunkhiza khoswe, mutu umayamba kunjenjemera, kamalumpha n'kuphonya, kulumphanso n'kugunda khoma la bokosi. Kakadzidzimuka kamapotoza khosi mpaka chibwano kuloza kumwamba, n'kumavutika kuti katembenuke. Ndinakapezapo kali chagada m'mbale ya madzi, moti tsopano ndimathiramo madzi ochepa kuopa kuti kangamire. Mwana wanga, yemwe ndinamugulira atalimbikira kusukulu, amatuluka m'chipinda tikamadyetsa. Mtima wake supirira.

Nditakutumizirani vidiyo munati ndi khalidwe lake chabe, kazolowera. Si zoona zimenezo. Vutoli limayendera limodzi ndi chibadwa chomwe chimapatsa spider maonekedwe ake, ndipo silichira. Nsato zina za mtunduwu zimagwedeza mutu pang'ono, zina kwambiri, ndipo kholo looneka bwinobwino litha kubereka ana ovutika zedi, choncho musanene kuti mumasankha makolo abwino. Ku Britain, bungwe la International Herpetological Society linaletsa kugulitsa ma spider pa zionetsero zake mu 2018 chifukwa cha zomwezi. Mitundu ya champagne ndi woma nayonso imadziwika ndi vutoli, koma ndikuona mukuitsatsa popanda chenjezo lililonse.

Kuwonjezera apo kanabwera ndi utitiri wa njoka, timadontho takuda tikuyenda m'mbali mwa maso ndi pansi pa chibwano. Nditafunsa kuti kadya kangati chiswereni, munalibe chondionetsa. Woweta wosamala amalemba tsiku loswa, tsiku lofundula ndi chakudya chilichonse, ndipo sagulitsa kamwana kasanazolowere kudya kokha.

Ball python imatha kukhala zaka 20 mpaka 30. Si tomato woti mwagulitsa lero, mawa mwaiwala. Kanyama aka kadzakhala kakulimbana ndi mutu wake zaka zonsezo, ndipo zimandipweteka kuti munadziwa musanaphatikize makolo ake.

Sindikukabweza, chifukwa ndikudziwa kuti mukagulitsanso kwa wina wosadziwa. Kakhala kwathu, tikasamalira. Chimene ndikufuna kwa inu n'choti mundibwezere ndalama zimene ndalipira kwa dokotala wa ziweto pochotsa utitiri uja. Malisiti ndinakutumizirani kale. Pa nsato iliyonse imene mukutsatsa, lembani poyera mtundu wake ndi wa makolo ake, ndipo ngati muli spider, champagne kapena woma, nenani za wobble munthu asanatulutse ndalama. Ndikukupemphaninso ndi mtima wonse kuti musiye kubereketsa ma spider. Pali mitundu yambiri yokongola, monga pastel ndi pied, imene ilibe vuto limeneli.

Mundiyankhe pompano pagulu, chifukwa alipo ena amene anagula kwa inu ndipo ayenera kudziwa zimene akusunga m'nyumba zawo.